Zala Zinayi

Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri usiku
pa malata athu kuno ku Marathwada,
ndipo kusanache Bhanudas anali atamanga kale ng'ombe pagoli.
Ndinamva mabelu ake akudutsa kuseri kwa nyumba.
Mtima unandiyabwa.

Ine ndangobwerako kumene.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndanyamula anthu
pa njinga yamoto ya matayala atatu ku Pune;
ndimadziwa kuwerenga nkhope ya wokwera,
osati nkhope ya munda.
Munda amausamala ndi mlamu wanga Kausalya
chimwalirireni mkulu wanga.

Iye sanayang'ane n'kumwamba komwe.
Anatenga chitsulo chimene chimakhala kuseri kwa chitseko,
chotsala pomanga thanki ya madzi,
chofika m'chiuno, chopindika kumutu,
nati, Tiye.

Makande ndi dothi labodza.
Pamwamba panali bii, ponyezimira,
matope akukakamira ku mapazi ngati mwana wokana kutsala.
Anatsamira chitsulo ndi thupi lonse.
Chinalowa pang'ono, n'kuima.
Anachizula, nayeza ndi dzanja:
zala zinayi.
Pafupi ndi mtengo wa nimu, zala zinayi.
Kumunsi, kumene madzi amadikha, zisanu ndi chimodzi.
Anakumba, natapa dothi lapansi,
nalifinya m'chikhatho.
Linamwazika ngati phulusa.

Mbewu imera ndithu, anatero,
koma muzu ukatsika ukapeza khomo lotseka.

Tinakhala masiku khumi ndi atatu.
Thonje la Bhanudas linatuluka m'mizere yowongoka,
masamba awiriawiri ngati manja opempha,
ndipo ine popita kumsika ndinkadzera njira ina.
Wasitolo ankandifunsa anthu akumva
ngati matumba ake awiri aja tinawatengera kukhalira.
Ngongole siyembekeza mvula,
imaphuka ngakhale pa ng'amba.

Kenako dzuwa linachita zake.
Ming'alu inayasama, yoti n'kumeza mwendo wa mbuzi.
Sindikondwa kunena za munda wa Bhanudas.
Feteleza amene anathira
anatsiriza zimene dzuwa linasiya,
ndipo mkazi wake anapita kutauni ali ndi ndolo m'makutu,
nabwerako ali ndi mapaketi a mbewu.

Mvula yeniyeni inagwa masiku atatu, yosafuula.
Nthawi ino chitsulo anandipatsa ine.
Ndinatsamira, ndipo ndikanagwa chafufumimba:
chinamira utali wa mkono wathunthu.
Dothi linaumbika m'chikhatho,
n'kusunga zidindo za zala zanga.
Tinadikiranso tsiku kuti pamwamba pachite mbuu,
ndipo tinabzala, thonje mizere isanu ndi umodzi,
nandolo mzere umodzi,
misana ili wera mpaka mdima.

Thumba limodzi linalowa m'nthaka.
Linalo analikankhira kunsi kwa bedi.
Ilo tikafunsa kaye pansi, anatero,
mbewu ikafika m'mawondo.

Tinakafunsa.
Mitambo inali itadutsa masabata atatu osagwetsa kanthu,
chitsulo chinalowa zala zisanu, n'kukana.
Ndinapanikiza, ndinalumpha, ndinatukwana pang'ono.
Kausalya anangondiyang'ana.
Mwana waludzu sumupatsa mchere.

Ndinamanga thumba lija panjinga, losatsegula,
ulusi wake wofiira uli momwemo.
Wasitolo anang'ung'udza, nanyambita chala,
natembenuza masamba a buku lake,
nafafaniza mzere umodzi pa dzina la mkulu wanga.

Zokolola sizinali zoimbira ng'oma.
Zinakwana mafuta, sukulu ya mwana, ndi mbewu ya tchana
imene tidzafese ngati pansi pavomera.

Dzulo madzulo Bhanudas anaima pakhomo, osalowa.
Anafunsa za ng'ombe yathu yotsimphina,
za mtengo wa anyezi ku Latur,
za chifuwa cha mwana.
Tiyi anamwa.
Atatsanzika sanachoke,
maso ake ali kuseri kwa chitseko.